Chuku m'chimanga: zimene ndimachita kuyambira kumunda mpaka kuchigayo

Kwathu ndi kumtunda kwa Dedza, chakufupi ndi Bembeke, kumene mwezi wa Juni ukalowa chifunga chimagona m'mapiri mpaka cha m'ma 9 koloko, ndipo chovala chochapa m'mawa chimatha kufika madzulo chisanaume. Kuno chimanga chimabereka bwino, koma kuchiumitsa ndiye ntchito.

Chaka china akuba anavuta kwambiri m'minda, moti ine ndi bambo akunyumba tinakolola mothamanga kumapeto kwa Epulo, chimanga chikadali ndi madzi. Tinachiyanika padothi pabwalo masiku atatu, kunja kuli mitambo, kenaka tinatonola, kuthira m'matumba n'kusanjikiza pakona ya chipinda, pansi penipeni, motsamira khoma. Mu Ogasiti nditamasula thumba lapansi n'kulowetsamo dzanja, ndinamva kufunda ngati mwagona nkhuku. Munatuluka fungo la chovala chonyowa choiwalika m'beseni. Chimanga chinali chitagwirana mabuma, ndipo dzanja linatuluka lili ndi fumbi lobiriwira mwachikasu. Matumba anayi anali otero.

Amayi atabwera kudzaona anati, "Mwanawe, chakudya sataya. Tsuka, uyanikenso, ukakonole. Moto umapha zonse." Sankanena mwankhanza ayi. Iwo anaona njala zimene ine sindinazione, ndipo kwa iwo kutaya chimanga n'chinthu chosayenera munthu. Tinachitadi momwemo. Nsima yake inali yowawira kukhosi, ana ankangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Chowola kwambiri tinathirira nkhuku ndi abakha, ndipo pasanathe sabata ziwiri ana a abakha onse anali atafa. Nditawafotokozera alangizi a zaulimi, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mayi, abakhawo akuuzani zimene zili mu ufa umene mukuphikira ana." Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufunsa, kuphunzira ndi kusintha kachitidwe kanga, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndimachita chaka ndi chaka.

Choyamba kumvetsa n'chakuti chuku ndi chamoyo. Chimamera pachimanga ngati bowa waung'ono kwambiri, ndipo mbewu zake zili paliponse: m'dothi, m'mapesi a chaka chatha, m'thumba lakale, mumphepo. Chikapeza chinyezi ndi pobowoka chimalowa, ndipo pamene chikudya chimangacho chimasiyamo poizoni. Apa ndi pamene amayi analakwitsa. Moto wophikira nsima umapha chukucho, koma poizoni wake amatsala. Kuwiritsa phala, kukazinga, kuwotcha, kufulula mowa, zonsezi sizimuthetsa. Komanso poizoniyu alibe mtundu woti mungamuone, moti ufa ukhoza kuyera mbee koma ali momwemo. Safunikanso kuchuluka: mayiko a ku Ulaya sagula ufa umene poizoni wotchedwa aflatoxin wapitirira magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Maso a chimanga owerengeka okha owola amatha kuipitsa ndowa yonse ikapita kuchigayo. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo pachimanga mawu amenewa ndi oona ndithu.

Chuku sichili cha mtundu umodzi, ndipo mukadziwa kusiyanitsa mudziwanso kumene vuto likuchokera. Chobiriwira mwachikasu, chofumbutuka ngati ufa, ndicho chimapanga aflatoxin, ndipo akatswiri amachitcha Aspergillus. Chimakonda kotentha ndi kouma, makamaka chimanga chikafota ndi ng'amba nthawi yomasula ngayaye ndi yokhwima. Abale athu a kutsidya kwa mapiri, ku Mtakataka, Golomoti ndi chigwa cha Bwanje, ndi amene chimawayamba m'munda momwe. Ife akumtunda chimatipeza kwambiri m'thumba, tikasunga chimanga chosauma. Kuno ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano chimene chimativuta m'munda ndi cha gulu la Fusarium. China chimakhala choyera mofiirira pang'ono, chimagwira maso apa ndi apo pachisononkho, ndipo diso logwidwa limakhala ndi timizere toyera tochokera pamutu pake ngati lang'aluka. Poizoni wake ndi fumonisin. China ndi chofiira ndithu, chimayambira kunsonga kutsika m'munsi, ndipo nkhumba zikadya chimanga chotere zimasanza kapena kukana kudya. Palinso chija choyera chimene chimayambira kutsinde kwa chisononkho, makoko n'kumamatira osafuna kusendeka, chimanga n'kupepuka ngati mulibe kanthu. Chimenecho ndi Diplodia, ndipo chimagona m'mapesi kudikira chaka chamawa.

Za kuopsa kwake sindikufuna kuopseza munthu, koma sindingabisenso. Mu 2004 ku Kenya, makamaka m'madera a Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala atadya chimanga chachuku cholima okha, ndipo 125 anamwalira. Munthu akadya poizoni wambiri nthawi imodzi chiwindi chimaonongeka: maso amachita chikasu, amasanza, mimba ndi miyendo zimatupa. Mukaona zotere pakhomo, makamaka ngati agwidwa ndi anthu angapo odyera mbale imodzi, thamangani kuchipatala ndipo mukawauze adokotala za chimanga chimene mukudya. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kudya pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka, popanda womva kupweteka. Aflatoxin amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ngozi imakula kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B. Amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ana amene amamudya kwambiri amapezeka onyentchera. Amadutsanso mu mkaka, wa mayi ngakhale wa ng'ombe. Fumonisin naye wapezeka wochuluka m'madera amene khansa ya kummero ndi yofala, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ife timadya nsima kawiri patsiku, mwana kuyamba phala la chimanga ali ndi miyezi 6. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu kuposa anthu amene chimanga amangodya mwa apo ndi apo.

Ntchito imayambira pa mbewu. Posankha, musamangoyang'ana kukula kwa chisononkho. Yang'ananinso ngati makoko amatseka mpaka kunsonga. Chimanga chotulutsa mphuno kunja chimamwa mvula, mbalame zimajompha, anankafumbwe amalowa chikadali m'munda. Chimanga cha makolo chija cholimba, ndi mbewu zamakono zokonoleka bwino, zimapirira kuposa zofewa. Mbewu zocha msanga ndi zabwino pothawa njala, koma kuno kumtunda mukazibzala ndi mvula yoyamba zimakhwima mvula ikadagwa, ndiye muzibzala pamalo ochepa oti mungathe kukolola ndi kuumitsa mwachangu. Bzalani pa nthawi yake, phando lililonse mbewu imodzi motalikana masentimita 25 pamizere ya masentimita 75, palirani, thirani manyowa ndi feteleza mmene mungathere, chifukwa chimanga chanjala chimagwidwa msanga ngati munthu wanjala. Munda umene chimanga chinawola kwambiri chaka chino ndimaupumitsa: ndimabzalamo nyemba, soya kapena mbatatesi, kuti chuku cha m'mapesi chisowe chodya.

Mbozi ndi khomo lalikulu la chuku. Kuyambira pamene ntchemberezandonda zachilendo zija zinafika m'dziko muno, cha m'ma 2016 ndi 2017, ndimaona kuti pafupifupi chisononkho chilichonse chimene mbozi yaboola chimakhala ndi chuku pozungulira bowolo. Choncho kuyendera munda kawiri pa sabata, kusuzumira m'mitima ya chimanga ndi kupha mbozi zikadali zazing'ono, n'kutetezanso nkhokwe. Kwa alimi a kotentha kuli mankhwala otchedwa Aflasafe, amene anapangidwa ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA. Ndi mapira opakidwa chuku cha mtundu wosapanga poizoni, chimene chimakalanda malo a choipa chija. Amawaza m'munda makilogalamu 4 pa ekala, patatsala sabata ziwiri kapena zitatu kuti chimanga chimasule, nthaka ili yonyowa. Dziwani kuti amathandiza pa aflatoxin yekha, osati pa chuku chofiira ndi choyera chathu chakumtunda chino, ndipo salowa m'malo mwa kuumitsa.

Tsopano kukolola, pamene ambiri timagwera. Chimanga chakhwima pamene makoko auma, zisononkho zayamba kuzyolika, ndipo mukachotsa diso limodzi n'kukanda kunsi kwake mupeza kadontho kakuda. Chikafika apo musachisiye m'munda miyezi, poti tsiku lililonse ndi mwayi wa chiswe, mbewa, anankafumbwe ndi mvula yamawawa. Mukaona kuti mvula yakana kusiya chimanga chitakhwima kale, pindani phesi m'munsi mwa chisononkho kuti chiyang'ane pansi, madzi azitsetsereka pamakoko m'malo molowa kunsonga.

Za mikukwe ndinene maganizo anga. Tonse tinakula tikudula mapesi n'kuimika mikukwe, ndipo sindinena kuti ndi yoipa. Koma mkukwe waukulu wothinana umasunga chinyezi pakati, ndipo ukagwa zisononkho zimagona padothi masiku ambiri mwini wake osadziwa. Ine ndimaimika ing'onoing'ono, yotambalala kunsi kuti mphepo izidutsa, ndimaiyendera, wakugwa ndimaudzutsa tsiku lomwelo, ndipo sindiisiya kupitirira sabata ziwiri. Posenda, chisononkho chisaponyedwe padothi. Timayala matumba akale kapena lona, kapena kuponya m'dengu. Ndipo kusankha koyamba kumachitikira pomwepo: aliyense wosenda amakhala ndi malo awiri, apa chabwino, apo chowola, chobooledwa ndi chimene tachitola pansi. Aganyu ndimawauza zimenezi tisanayambe, chifukwa wolipidwa pa ngolo amafuna ngolo idzaze msanga. Milu iwiriyi isakwere ngolo imodzi.

Chikafika pakhomo chisagone pamulu kapena m'matumba podikira kuti tipeze nthawi. Chimanga chonyowa chikaunjikana chimatentha chokha, ndipo masiku awiri kapena atatu ndi okwanira kuti chuku chiyambe. Yanikani tsiku lomwelo. Malo oyanikapo ndi lona, pepala lapulasitiki lakuda, mphasa, simenti yosesa bwino kapena thandala. Dothi lokha ayi, ngakhale lozira bwino, chifukwa m'dothimo ndi kwawo kwa chuku, komanso dothi limabweza chinyezi usiku. Ine lona ndinagula nditagulitsa nkhuku zitatu, ndipo sindinadandaulepo. Yalani mopyapyala, muzitembenuza kangapo patsiku, muziingitsa nkhuku ndi mbuzi. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 3 koloko, sonkhanitsani n'kulowetsa kapena kufunditsa, mame asanagwe. M'mawa musathamangire kuyala chifunga chisanachoke, mungangochimwetsa madzi amene munachotsa dzulo. Masiku a chiperoni, pamene kunja kumachita mawawa osaleka, ndi bwino kuchiyala pakhonde kapena m'chipinda chopita mphepo kusiyana n'kuchimanga m'pulasitiki, mmene chimachita thukuta.

Ndimayamba kuumitsa chili kuzisononkho, ndipo ndimatonola pokhapokha maso akayamba kuchoka mosavuta. Kuthira zisononkho m'thumba n'kumapuntha ndi mtengo kumafulumira, koma kumaswa maso ambiri, ndipo diso losweka ndi chilonda chimene chuku ndi anankafumbwe amalowerapo. Tonolani ndi manja, kapena ndi kachipangizo kotonolera, kapena makina ochunidwa bwino. Maso a kunsonga yakuda muwasiye pachitsononkho, asalowe nawo. Mukatonola petani, kenaka yanikaninso masiku angapo.

Kodi mudziwa bwanji kuti chauma? Chofunika n'chakuti chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo, ndipo ndi muyeso womwewo umene ogula akuluakulu amafuna. Alangizi ena ali ndi kamakina koyezera, koma pakhomo pali njira zathu. Kuluma ndi yoyamba: diso louma limathetheka ndi phokoso, pamene losauma limangobonyoka, dzino n'kulowa. Kulowetsa dzanja m'thumba ndi ina: m'chouma dzanja limatsetsereka mpaka pansi, chikuchita phokoso. Koma imene ndimaikhulupirira ndi ya mchere. Tengani botolo lagalasi loyera, louma bwinobwino m'kati, lokhala ndi chotsekera. Mchere muyambe mwauumitsa, pouyanika padzuwa lamphamvu kapena kuukazinga pang'ono m'chiwaya, n'kuusiya uzizire. Thirani chimanga m'botolomo kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mcherewo, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, n'kulisiya mphindi 15 pamthunzi. Mukakhutchumulanso, yang'anani m'mbali mwa botolo. Mchere ukamamatira kugalasi, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwerere padzuwa. Ukangogwera pansi galasi lili mbee, chayandikira. Ine ndimachipatsabe tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa kuti mtima ukhale pansi. Chimanga choyeza mutape pakati pa mulu, osati pamwamba pamene dzuwa laomba. Ndipo musathire m'thumba chikadali chotentha ndi dzuwa, chiyambe chazizira pamthunzi.

Kusankha ndi ntchito imene anthu amaithawa, koma pa zonse zimene ndalemba pano ndi imene imachotsa poizoni wambiri. Akatswiri athu omwe a m'dziko muno anayesa kusankha ndi manja, kutsuka ndi kukonola, ndipo anapeza kuti kusankha ndi manja ndiko kumachotsa wochuluka, ndipo kukaphatikizidwa ndi kukonola wotsala amakhala wochepa kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: poizoni sakhala mofanana m'thumba lonse, amaunjikana m'maso ochepa odwala. Ndimakhala pamphasa panja, pamene pali kuwala kokwanira, lichero pamiyendo, n'kuthira chimanga chochepa kuti diso lililonse lioneke. Ndimachotsa lakuda, lofiirira, lobiriwira, la timizere toyera, lofwapa, losweka, lobooledwa ndi limene mtima wake wada. Mdzukulu wanga wamkazi ndinamuphunzitsa ali ndi zaka 8, ndipo maso ake ndi akuthwa kuposa anga. Tsiku lina ananyamula diso looneka labwinobwino n'kunena kuti, "Agogo, ili likuoneka lotuwa kumtimaku." Titaliswa ndi mwala, m'kati munali mobiriwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Simungasankhe matumba 20 tsiku limodzi, ndipo palibe akukukakamizani kutero. Chotsani zooneka msanga musanasunge, kenaka muzisankha mofatsa ndowa iliyonse imene ikupita kuchigayo. Ngati fumbi la chuku ndi lambiri, mangani kansalu kukamwa ndi mphuno, ndipo ana aang'ono akhale patali.

Posunga, adani ndi atatu: chinyezi, anankafumbwe ndi makoswe, ndipo amathandizana. Anankafumbwe akamadya amatulutsa chinyezi ndi kutentha, choncho thumba lofumbwa limasanduka lachuku ngakhale munalisunga louma. Chipinda chisesedwe, zotsalira za chaka chatha zichoke, denga likhale losadontha. Chimanga chatsopano chisasakanizidwe ndi chakale. Matumba akhale pa mitengo kapena matabwa okwera kuchoka pansi, ndipo pakati pa thumba ndi khoma pakhale mpata woti dzanja lidutse momasuka. Simenti ndi khoma zimatulutsa chinyezi ngakhale zikuoneka zouma. Ndi zimene zinandidyera matumba aja. Ngati mukugwiritsa ntchito matumba wamba, achapeni n'kuwaumitsa padzuwa, a feteleza musasungiremo chakudya osachapa bwino, ndipo thirani mankhwala a fumbi monga Actellic motsatira muyeso wolembedwa pabotolo, ogula kusitolo yovomerezeka osati opimidwa pamsika. Kumbukirani kuti mankhwalawa amapha tizilombo, sapha chuku ndipo saumitsa chimanga.

Ine ndinasamukira ku matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba wamba kunja. Safuna mankhwala: mukamanga bwino mpweya umatha m'katimo, anankafumbwe amafa, chuku nacho chimalephera kukula. Musanathire, yang'anani ngati pulasitiki ilibe kabowo. Thirani pang'onopang'ono mukugwedeza kuti pasakhale mipata, finyani mpweya, potokolani kukamwa kwa pulasitiki yoyamba, pindani n'kumanga, kenaka yachiwiri payokha, pomaliza thumba lakunja. Musamalitsegule pafupipafupi, cha kudya mwezi uno chikhale m'thumba lina. Liteteze ku makoswe ndi zinthu zosongoka, ndipo likapanda kubooka limagwira ntchito zaka zingapo. Koma chenjezo langa ndi ili: thumba limeneli limasunga chimene mwaikamo. Mukaikamo chosauma mudzapeza chitasasa ndi kununkha. Amene akadali ndi nkhokwe, ikhale yokwera bwino kuchoka pansi, yofoleredwa mosadontha, ndipo chimanga chisakhalemo mpaka mvula. Chikauma chitsitseni, mutonole n'kusunga m'matumba. Kamodzi pa mwezi ndimayendera matumba wamba onse, kununkhiza ndi kulowetsa dzanja, makamaka lapansi ndi la kukona, ndipo mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala ndimayendera kawirikawiri.

Kuchigayo nako kuli mbali yake. Poizoni wambiri amakhala kukhungu ndi kumtima kwa diso, choncho kukonola kumamuchotsa ndithu, amapita ndi madeya. Kuviika mphale kumachotsanso wina, amene amatsalira m'madzi. N'chifukwa chake matsukwa a chimanga chokayikitsa ndimataya, sindiphikira phala. Pothira chimanga m'madzi, zoyandama zonse muziyoole n'kutaya. Apa pali pofunika kuganiza bwino, chifukwa achipatala amatilimbikitsa mgaiwa kuti uli ndi chakudya chambiri, ndipo akunena zoona. Ine ndimachita chonchi: mgaiwa, makamaka wa phala la ana, umachokera ku chimanga chabwino koposa, chimene ndasankha diso ndi diso. Chimanga chogula, kapena chimene chinavutika pouma, ndimasankha n'kukonola basi. Nsinjiro zothira m'phala nazo zichokere ku mtedza wosankha, poti mtedza umagwidwa ndi aflatoxin kuposanso chimanga, ndipo chizolowezi chosinja mtedza wofwapa ndi wosweka kuti wabwino tigulitse ndi kumudyetsa mwana poizoni kawiri m'mbale imodzi. Mphale yoviika ndi ufa wochokera kuchigayo ziyanikidwe pamphasa yoyera mpaka ziume, chifukwa ufa wosungidwa wonyowa umachita chuku chakechake m'chidebe. Gayitsani wokwana sabata zochepa. Ndipo kuno kuli mbatatesi, mbatata, nyemba, maungu ndi mawere. Masiku ena ana adye zimenezo, thupi lipumeko ku chimanga.

Funso lovuta kwambiri ndi la chimanga chimene mwachotsa chija. Chili apo m'dengu, mwina ndowa yathunthu, ndipo mtima umakana kuchitaya. Ndikudziwa kumene chimapita, chifukwa nanenso ndinachitapo. Chimapita kwa nkhuku, ndipo zimachepetsa kuikira, anapiye n'kumafa. Chimapita kwa nkhumba. Chimapita kwa ng'ombe yamkaka, poizoni n'kubwerera kwa ana kudzera m'kapu. Chimapita ku chimera cha thobwa ndi masese, anthu n'kumati chowola ndiye chimakometsa mowa. Chimalipiridwa aganyu. Chimagulitsidwa motchipa kwa mavenda, amene amachisakaniza ndi chabwino, n'kukagulidwa mu Januwale ndi mayi amene chake chatha. Njira zonsezi zimathera m'mimba mwa munthu. Chowoleratu, chamabuma ndi chobiriwira ndimachitentha kapena kuchikwirira m'dzenje lakuya, kutali ndi munda wa chimanga ndi pamene nkhumba zingafukule. Madeya a chimanga chosankha bwino ziweto zimadya. A chimanga chachuku ayi, chifukwa m'menemo ndi mmene poizoni wathawira.

Amayi sanavomere msanga zimenezi. Chaka choyamba atandiona ndikukumba dzenje kuseri kwa khola anaima chapatali, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Iwe, njala sunaione." Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndikukwirira ndowa imodzi kuti matumba enawo tidye ndi mtima umodzi." Sanayankhe, anangobwerera kunyumba kwawo. Chimene ndaona n'chakuti ukasamala kuyambira kumunda, chokwirira chimachepa chaka ndi chaka, mpaka kutaya kwake sikupwetekanso mtima ngati kale.

Amene chanu chimatha msanga ndipo mumagula, pamsika wa Lizulu, Chimbiya kapena paliponse, musagule ndi maso okha. Pemphani wogulitsa akhuthule thumba kapena mulowetse dzanja mpaka pansi, poti chokongola chimaikidwa pamwamba. Tapani chodzaza manja, nunkhizani, lumani maso awiri atatu, yang'anani ngati m'manja mwatsala fumbi lobiriwira kapena ufa wa anankafumbwe. Chotsika mtengo modabwitsa chili ndi chifukwa chake. Chogula mu Epulo ndi Meyi, pamene mavenda amathamangira chimanga chatsopano, nthawi zambiri chimakhala chosauma, ndiye mukafika nacho kunyumba chiyanikeni musanasunge. Ufa wogayagaya wopimidwa pamsika ndimaupewa ngati ndingathe, chifukwa chimanga chikasanduka ufa palibenso chosankha. Ndi bwino kugula chimanga, kukhala nacho pansi ndi lichero madzulo amodzi, n'kupita nacho nokha kuchigayo mawa lake.